Kumanga Kagulu pa Nchito: Cimene Migodi Inadziwa Kale

Masiku ano makampani ambiri a ku Kitwe ndi ku Ndola ali ndi mwambo wacilendo. Kamodzi pa caka atenga anchito ao, nawakweza basi, napita nao kumalo ena kutali ndi ofesi, kumene amuna ndi akazi aakulu misinkhu akokana cingwe, amangana nsalu m'maso, natsogozana pakati pa mipando ngati ana a sukulu. Pa Cingerezi mwambowu uchedwa team building, ndiko kunena kumanga anthu ogwira nchito pamodzi kuti akhale kagulu kamodzi kokhulupirirana. Munthu wa ku Kamitondo akamva zimenezi angaseke, ndi kunena kuti ndalama zagwera m'manja mwa osadziwa cocita nazo. Kuseka kwace kuli ndi cifukwa, koma sikutha nkhani. Pakuti funso limene makampaniwo ali kuyesa kuyankha ndi lakale, ndipo kuno ku Migodi linakhetsapo mwazi: kodi anthu osiyana mitundu, osabadwira mudzi umodzi, amene anangokomana cifukwa ca kufuna ndalama, angasanduke bwanji anthu oti wina aike moyo wace m'manja mwa mnzace?

Kamitondo si komboni ya kampani monga zinaliri Wusakile ndi Chamboli. Ndi mudzi wa khonsolo ya mzinda wa Kitwe, woyandikana ndi Buchi. Komatu ndi ocepa makomo kumeneko amene sanadyepo ndalama ya mkuwa wa ku Nkana, kaya mwa bambo wolowa pansi, kaya mwa mai wogulitsa ndiwo kumsika kwa akazi a anthu a mu mgodi. Cotero nkhaniyi ndi yao ndithu.

Kumudzi funso limeneli silibvuta. Mwini munda akafuna kulimitsa afulula mowa naitana dima; abwera ndi makasu ao anthu odziwana kuyambira ubwana, ndipo waulesi acita manyazi cifukwa amene ali kulima pambali pace ndi mlamu wace. Kwa Abemba amuna athandizana mwa njira yomweyo pa kusadza nthambi za citemene. Cibale ndico cimanga kaguluko, ndipo palibe munthu amene alipidwa kuti aphunzitse anzace kugwirizana.

Ku mgodi cibale cotere kunalibe. Pamene Nkana anayamba kutulutsa mkuwa m'caka ca 1932, anthu anali kufika kucokera ku Luapula, ku Kasama, ku Fort Jameson kumene lero ndi Chipata, ku Barotseland, ku Nyasaland, ku Tanganyika ndi ku Congo. Mnsenga anapatsidwa fosholo pambali pa Mnyakyusa, osamvana ngakhale mau a moni. Cinenero cimene anawapatsa kuti amvane naco ndi Cilapalapa, cocokera kumigodi ya ku South Africa, ndipo omvera acikulire akumbukira kuti cinali cinenero ca "tenga", "bwera", "fulumira". Cinali cokwanira pa kulamula munthu, koma cosakwanira pa kumfunsa maganizo ace.

Tsono pansi pa nthaka mwala susamala za mtundu wa munthu. Kagulu kakatsika ndi cikepe, oyamba kulowa kumene anaphulitsa dzulo athira madzi kuti pfumbi ligone, nagogoda denga ndi citsulo cacitali, kumvetsera kulira kwa mwala. Mwala wolimba ulira mwa njira yace. Wolira ngati ng'oma ndiye walekana ndi unzace, ndipo uyenera kugwetsedwa anthu asanayende pansi pace. Pambuyo pao abwera oimika mizati, oboola ndi makina, oika wonga, ndi olaisha miyala. Woboola alibe nthawi yobwereza nchito ya wogogoda denga, angoikhulupirira. Ngati woika wonga wa shifiti yapita anasiya dzenje losaphulika, osauza munthu, woboola wa m'mawa akalasa pomwepo ndi citsulo cace ana ace asanduka amasiye. Apa ndipo pali phata la nkhani yonse. Kagulu ka pa nchito si anthu okondana cabe, kapena omwera limodzi mowa pa Loweruka. Ndi anthu amene nchito ya wina ipacikika pa nchito ya mnzace, ndipo iwo eni adziwa kuti ndi tero.

ZIMENE ENI MIGODI ANAYESA

Eni migodi anazindikira msanga kuti anthu zikwi-zikwi osamangika pamodzi ndi obvuta kuwasunga. Njira yao yoyamba inali ya mitundu. M'caka ca 1931 ku Roan Antelope, mgodi wa ku Luanshya, anakhazikitsa akulu a mitundu: mtundu uli wonse usankhe mkulu wace woweruza timilandu ta m'komboni, wolandira alendo ocokera kumudzi, ndi wonyamula madandaulo kunka nao kwa bwana wa komboni. Njira yaciwiri inali ya masewera. Makampani anamanga maholo, naonetsa kanema, nalambula mabwalo a mpira. Timu ya Rhokana United, imene pambuyo pace inachuka ndi dzina la Nkana Red Devils, inayamba m'caka ca 1935, ndipo m'kupita kwa zaka migodi ina inakhala nao matimu ao, monga Roan United, Mufulira Wanderers ndi Nchanga Rangers. Ganizo la bwana linali lakuti munthu wothamanga m'bwalo madzulo sadzapeza nthawi ya ndeu kapena ya misonkhano. Mpirawo unakula kuposa m'mene eni ace anali kuyembekezera, ndipo dziko lonse linapindula nao. Koma kunena kuti ndiwo unamanga anthu a pansi pa mgodi ndi kuupatsa ulemu wosauyenera.

Njira ya mitundu inayesedwa m'mwezi wa May 1935. Boma linakweza msonkho wa anthu okhala ku Migodi, ndipo anchito a ku Mufulira, ku Nkana ndi ku Roan Antelope ananyanyala nchito motsatana. Uthenga wa sitalaka sunayende mwa akulu a mitundu ai. Unayenda kwakukulu mwa magulu a gule wa mbeni, amene anali ndi mafumu ao ndi akazembe ao a m'masewera, ndipo anali kucezerana mgodi ndi mgodi. Ku Luanshya akulu a mitundu anathawira mu ofesi ya komboni pamodzi ndi Azungu, anthu ao omwe ali kuponya miyala panja. Apolisi anaombera mfuti, nafa anthu 6. M'April 1940 zotere zinaonekanso ku Nkana, kumene asilikali anaombera khamu la anchito, ndipo amene anataya moyo anakwana 17.

Pamenepo cinthu cimodzi cinaoneka poyera. Anthu amene apuma pfumbi limodzi ndi kulandira tikiti yofanana amangika ndi cingwe colimba kuposa ca mtundu. M'caka ca 1947 boma la Britain linatumiza William Comrie, munthu wa ku Scotland wozolowera za mabungwe a anchito, kudzathandiza Aafirika kuyambitsa mabungwe ao. Mu 1948 mabungwe anayamba pa migodi inai ikulu-ikulu, ndipo mu 1949 anaphatikizana kukhala African Mineworkers' Union, wotsogolera wace Lawrence Katilungu wa ku Nkana. Mu 1952 bungwelo linapempha kuti malipiro akwere ndi 2s. 8d. pa shifiti. Makampani atakana, anchito anakhala kunyumba milungu itatu, mwa bata lodabwitsa amene anali kukumbukira mitembo ya 1940, ndipo woweruza wa pakati, C. W. Guillebaud, anawaonjezera malipiro kuciyambi kwa 1953. M'March caka comweco anchito anafunsidwa mwa voti ngati afuna kuti oimira mitundu apitirire, ndipo pafupi-fupi onse oponya voti anakana.

Mwini nchito ali yense wofuna kumanga kagulu ayenera kuimva bwino mbiri imeneyi. Kugwirizana ndi mpeni wakuthwa konse-konse. Amene afuna kuti anthu ace akhale amodzi pa kutulutsa mkuwa asadabwe akawaona ali amodzi pa kufunsa malipiro. Ndiponso umodziwo ungasweke. Pamene makampani anabvomereza mu 1955 bungwe lapadera la makalaliki ndi akapitao olandira pa mwezi, la Mines African Staff Association, anthu a tikiti anawaona anzaowo ngati ogulidwa, ndipo masitalaka otsatana-tsatana a 1956 anatha ndi kumangidwa kwa atsogoleri m'September. Mtundu unalephera kuwagawa, koma kusiyana kwa malipiro ndi ulemu kunawagawa.

KUTSIDYA KWA NYANJA

Pa zaka zomwezo anthu ophunzira a ku America ndi ku England anali kufufuza cinthu comweci ndi pensulo m'manja. Kuyambira 1924 kufikira 1932 kampani yopanga zipangizo za telefoni ya Western Electric inacita mayeso pa fakitale yace ya Hawthorne, pafupi ndi Chicago, ndipo dzina la Elton Mayo wa ku Harvard linamatirira ku mayesowo. Mu 1927 anapatula akazi 5 olumikiza tizipangizo, nawaika m'cipinda caoca, nayamba kusintha-sintha nthawi za kupuma ndi utali wa tsiku. Nchito inanka ikwera, ngakhale pamene zina zabwino zinacotsedwanso. Ofufuzawo anati cifukwa cace n'cakuti akaziwo anasanduka kagulu, anali kufunsidwa maganizo, ndipo woyang'anira anali kuwamvera. Kunena zoona nkhaniyi si yoyera monga ailembera m'mabuku a mamanijala: akazi awiri anacotsedwa pakati pa mayeso cifukwa ca kulankhula-lankhula, ndipo kalipiridwe ka m'cipindamo kanali kosiyana ndi ka m'fakitale. Mayeso ena a pa fakitale yomweyo ndiwo ogwira mtima. Amuna 14 olumikiza mawaya anapangana okha muyeso wa nchito ya tsiku, ndipo wopitirira muyesowo anali kunyozedwa ndi kumenyedwa nkhonya pa mkono. Anaopa kuti akafulumira bwana adzatsitsa mtengo kapena kucotsa ena. Wolaisha miyala ali yense akadawauza zimenezi kwaulere.

Koma kufufuza kumene kuyenera kukhala pamtima pa anthu a ku Migodi kunacitika pansi pa nthaka, m'migodi ya malasha ya ku England. Boma la Britain linatenga migodiyo mu 1947, makina atsopano analowa, koma malasha sanaculuke monga anayembekezera, ndipo anthu anali kujomba ku nchito kawiri-kawiri. Eric Trist wa bungwe la Tavistock ku London anafufuza cifukwa cace pamodzi ndi Ken Bamforth, amene iye mwini anagwirapo nchito pansi zaka zambiri asanapite ku sukulu yaikulu, ndipo zimene anapeza anazisindikiza mu 1951.

Kale, makina asanabwere, okumba malasha anali kugwira nchito m'timagulu tating'ono, anthu awiri kapena atatu, nthawi zina kufikira 8. Anali kusankhana okha. Ali yense anadziwa nchito yonse, kukumba, kuimika mizati ndi kulaisha. Malipiro anali a kagulu, ogawana okha. Ndipo wina akapweteka kapena kufa, sicinali cacilendo kuona anzace ali kusamalira banja lace. Njira ya makina inaphwanya timagulu timeneti. Anthu 40 kapena 50 anagawidwa m'mashifiti atatu, ali yense ndi kanchito kace kamodzi: awa kudula, awa kulaisha, awa kusuntha lamba wonyamula malasha. Shifiti ina sinali kuonana ndi inzace, koma zolakwa za shifiti yoyamba zinali kugwera yaciwiri. Wolaisha anapatsidwa mayadi ace kuti athane nao yekha mu mdima, wopanda womthandiza denga likabvuta. Zotsatira zace zinali kunenezana, kubisa zolakwa, ndi kujomba. Pa pepala njira ya makina inali ya nzeru. Cimene akatswiri anaiwala n'cakuti pocotsa kagulu anacotsa mzati umene munthu anali kutsamira pa mantha ace. Pambuyo pace Trist ndi anzace anapeza ku Durham migodi ina kumene anchito anasunga makina, koma nakhalabe gulu limodzi losankhana lokha, losinthana nchito ndi mashifiti, ndi logawana malipiro amodzi. Kumeneko kujomba kunacepa ndipo malasha anaculuka.

Nanga zokokana cingwe zija zinacokera kuti? Zinacokera ku mitsinje ina iwiri. Mu 1941 Kurt Hahn ndi Lawrence Holt anatsegula sukulu ya Outward Bound ku Aberdovey, m'dziko la Wales, yophunzitsa anyamata, makamaka a m'zombo, kupirira ndi kudalirana pa madzi ndi m'mapiri. Sukulu ya mtundu womwewo inadzatsegulidwanso ku Mbala, m'mbali mwa nyanja ya Chila. Ku America otsatira a Kurt Lewin anayamba mu 1947 ku Bethel, m'cigawo ca Maine, kusonkhanitsa anthu m'timagulu kuti auzane poyera m'mene aonerana. Mu 1965 Bruce Tuckman analongosola kuti kagulu katsopano kayamba ndi ulemu wa cilendo, kalowa m'mikangano, kapangana malamulo ace, ndipo pamenepo pokha kayamba kugwira nchito bwino. Makampani anasakaniza zonsezi, nazifupikitsa kuti zikwane tsiku limodzi. Mau a Tuckman ali ndi phindu limodzi kwa kapitao: mkangano wa anthu ongoyamba kumene kugwirira limodzi si cizindikiro cakuti kagulu kafa, ndipo kumwaza anthu cifukwa ca mkanganowo ndi kubwerera poyambira.

PAKAMWA PA WAMNG'ONO

Ubwino wa kagulu komangika ndi wosabvuta kuuona. Mnyamata wacilendo aphunzira msanga, pakuti zambiri za pansi sizilembedwa m'buku: kumene madzi adontha, makina amene akonda kubvuta, fungo la utsi wa wonga umene sunathe. Wina akadwala anzace atseka mpata wace. Munthu safulumira kuleka nchito kumene ali ndi anzace omfunsa akasowa. Ku Japan, kuyambira 1962, mafakitale anazolowera kukhazika timagulu ta anchito kuti tikambirane tokha za kukonza zolakwika pa nchito yao, ndipo katundu wa dziko limenelo anachuka nazo.

Koma ubwino woposa onse ndi uwu: m'kagulu kenikeni wamng'ono angathe kutsegula pakamwa. Amy Edmondson wa ku Harvard, pofufuza m'zipatala m'zaka za m'ma 1990, anadabwa kupeza kuti magulu a anamwino otsogozedwa bwino ndiwo anali ndi zolakwa zambiri zolembedwa. Atayang'anitsa anaona kuti sikuti anali kulakwa koposa anzao. Iwo sanali kuopa kuulula. Kumene mkulu anali waukali, zolakwa zinali kukwiriridwa. Cipatala ndi mgodi zifanana pamenepa, pakuti konse kuwiri colakwa cobisika cipha munthu wina amene sanacicite.

Apa ndipo migodi ya m'masiku a Azungu inali yolumala. Kagulu ka pansi kanali ndi Mzungu pamwamba, ndipo pansi pace Mwafirika amene anali kuchedwa boss boy ngakhale anali ndi imvi. Kawiri-kawiri munthu wa imviyo ndiye anadziwa mwala koposa, ndipo ndiye anali kuonetsa nchito kwa Mzungu wongofika kumene, koma njira ya kukwera inali yotsekeka. Bungwe la anchito a Cizungu, loyamba mu 1936, linacingira nchito za luso kuti zikhale za anthu ace. Komiti ya Dalgleish inalangiza mu 1948 kuti Aafirika apatsidwe zina mwa nchitozo, koma panapita zaka kufikira 1955 kuti mitundu 24 ya nchito iperekedwe. Anthu awiriwo anali kutsika m'dzenje limodzi, mwala umodzi uli pamutu pao, koma wina anali ndi pakamwa ndipo wina makutu okha. Palibe mpira kapena kanema amene akadakonza cinthu cotere. Ndipo asanene munthu kuti cinatha ndi ufulu wa 1964, pakuti mantha a wamng'ono pamaso pa wamkulu sasankha khungu; kapitao wakuda angatseke pakamwa pa anthu ace mofanana ndi woyera.

Pa 25 September 1970, usiku, matope a zotsalira za mkuwa amene anali kuthiridwa pamwamba pa mgodi wa Mufulira anaboola nthaka, nalowa pansi ndi mphamvu yoopsa. Anafa anthu 89, ndipo kufikira lero palibe ngozi ya mu mgodi m'Zambia yoposa imeneyo. Ofufuza a boma anapeza kuti zizindikiro zinaonekapo kale: nthaka inali italowa pamwamba, ndipo matope anali ataonekako pansi. Zizindikirozo zinaonedwa, koma sizinalumikizidwe kukhala cenjezo limodzi loimitsa nchito. Tsoka limeneli lisonyeza kuti kagulu sikathera pa anthu khumi a pa malo amodzi. Oyang'anira madamu a pamwamba, oyeza nthaka, ndi okumba pansi ali kagulu kamodzi, cinkana sadziwana maina, ndipo mau a wina ayenera kupeza njira yofikira kwa mnzace.

Malamulo anatsatira pang'ono-pang'ono. Pangano la maiko la 1995 lonena za citetezo m'migodi, limene Zambia inalibvomereza mu 1999, lipatsa wanchito ufulu wa kucoka pa malo amene aona kuti pali ngozi yaikulu. Lamulo la 2010 la umoyo ndi citetezo pa nchito linalamula kuti pamene pali anchito 10 kapena kuposa pakhale komiti ya mbali zonse ziwiri. Komatu ufulu wa pa pepala ufuna anzako kumbuyo. Munthu mmodzi wokana kulowa pansi pa denga loipa achedwa waulesi; akakana onse pamodzi, denga likonzedwa.

Za kapitao, omvera ambiri akumbukira anthu 33 amene anatsekeredwa mu mgodi wa San José ku Chile pa 5 August 2010. Masiku 17 anakhala osamveka kunja, ali kugawana masipuni awiri a nsomba ya m'citini pa masiku awiri ali onse. Kapitao wao, Luis Urzúa, anagawa nchito, nasunga nthawi, ndipo zinthu zazikulu anali kuzigamula mwa voti. Anaturutsidwa onse amoyo atakhala pansi masiku 69, ndipo kapitaoyo ndiye anatuluka potsiriza.

LERO LINO

Boma la Zambia linatenga magawo 51 pa 100 a migodi mu 1970, ndipo mu 1982 makampani awiri anaphatikizidwa kukhala ZCCM. M'zaka zimenezo munthu anali kulowa nchito ali mnyamata ndi kupuma ali nkhalamba pa mgodi womwewo, pakati pa anthu omwewo. Mu 2000 Nkana ndi Mufulira anagulitsidwa kwa Mopani Copper Mines, mu 2021 anabwerera m'manja mwa ZCCM-IH, ndipo mu 2024 gawo lalikulu linatengedwa ndi kampani ya International Resources Holding ya ku Abu Dhabi. Eni asintha, koma kusintha kwakukulu kwa wanchito ndi kwina: kuyambira 2000 nchito zambiri za pansi zinaperekedwa kwa makontrakitala. Pa malo amodzi pangakhale anthu a makampani awiri kapena atatu, obvala mayunifolomu osiyana, olandira malipiro osiyana pa nchito yofanana, ena a pangano la miyezi yowerengeka. Mtengo wa mkuwa utagwa mu 2015, anchito oposa 4,000 anacotsedwa ku Mopani, ndipo timagulu tambiri timene tinamangika pa zaka tinamwazika m'milungu yocepa. Kampani iwerenga ndalama zimene yapulumutsa pocotsa anthu, koma palibe mzere m'buku la ndalama wolembapo mtengo wa kudziwana kumene kwatayika. Trist ndi Bamforth akadauka lero akadazindikira matendawo msanga.

Tsono tsiku la kokana-cingwe silili lopanda pace. Pa ofesi pamene kalaliki ndi manijala sanaonanepo mano, kuseka limodzi kucotsa mantha ena, ndipo anthu ongokomana kumene adziwana maina. Lithandiza koposa ngati pa tsikulo akambirananso za nchito yeni-yeni: colinga cao n'ciani, nchito ya yani ithera pati, ndi kuti ndani auza yani cinthu cikalakwika. Koma ngati pa Lolemba wonena zoona alangidwa, ngati bonasi ipikisanitsa anthu amene ayenera kuthandizana, ngati kagulu kamwazidwa miyezi itatu iri yonse, ndiye kuti ndalama za basi ndi za cakudya zinangotayika, ndipo anchito adziwa zimenezo asanatsike m'basimo.

Amene afuna kuona kumanga kagulu kopanda cinyengo sayenera kupita kutali. Migodi ya kuno yakhala zaka zambiri ndi mipikisano ya cithandizo coyamba, kumene matimu ayesedwa pa kunyamula ndi kumanga munthu wobvulala, ndiponso isunga magulu opulumutsa anthu pa ngozi. Magulu amenewa ndi a anthu 5 kapena 6, oyesedwa thupi ndi dokotala, ndipo aphunzira pamodzi kawiri-kawiri, anthu omwewo, m'malo odzazidwa utsi dala, atasenza makina opumira kumsana. Asanalowe, kapitao ayang'ana makina a munthu ali yense, ndipo wina ayang'ana a kapitao. Pa ulendo aima nthawi ndi nthawi kuwerenga mpweya umene watsala, ndipo utali wa ulendo upimidwa ndi munthu amene watsala ndi wocepa. Mmodzi akafooka, kapena makina ace akabvuta, sabwezedwa yekha. Kagulu konse katembenuka ndi kutuluka naye kufikira kumene kuli mpweya wabwino, ndipo kagulu kena kodikira kumeneko ndiko kalowa m'malo mwao.